Kodi Nkoyenera Kuwerenga Zomera za m'Chire Pamene Anthu Ali ndi Njala?

M'dziko la Malawi muli anthu ena ophunzira amene nchito yao ndiyo kuyenda m'nkhalango, m'madambo ndi m'mapiri, kufunafuna mitengo, zitsamba ndi maudzu omera okha, ndi kuzilemba m'mabuku. Amalemba dzina la comera ciri conse, malo amene acipeza, ndi kuculuka kapena kucepa kwake. Boma limawalipira, ndipo nthawi zina mabungwe a kunja amathandizapo ndi ndalama. Munthu wa ku Chilinde akamva zimenezi angathe kupukusa mutu ndi kufunsa kuti: Kodi anthu amenewa asowa cocita? Ufa wakwera mtengo, ana abwezedwa ku sukulu cifukwa ca fizi, mwini nyumba ali pakhomo kufuna lendi. Ndiye wina atenge ndalama kukawerenga maluwa ku Nyika?

Funso limeneli si la cibwana ai. Wofunsayo ali naco cifukwa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, ndipo ndalama iri yonse yopita ku nchito imodzi yamanidwa ku nchito ina. Conco liyenera kuyankhidwa mwaulemu ndi mosabisa kanthu. Koma munthu asanaweruze nchito ya mnzake, ayenera kuyamba wadziwa m'mene imacitikira.

M'mene nchitoyi imacitikira

Ofufuzawo amakonda kupita ku chire nyengo ya dzinja, pamene zomera zambiri ziri ndi maluwa, cifukwa masamba okha amanyenga: mitengo iwiri yosiyana ingathe kukhala ndi masamba ofanana, koma duwa ndi cipatso sizinama. Akafika pa malo amene asankha, amalemba malire a kacigawo ka nthaka ndi cingwe, nawerenga zonse zomera m'katimo, nayesa kunenepa kwa thunthu la mtengo uli wonse pa msinkhu wa cifuwa ca munthu. Akapeza comera cimene sacidziwa bwino, amathyola kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso ngati ziripo, nakaika pakati pa mapepala a nyuzi, nakapana ndi matabwa awiri kuti kaume kosapindika. Kakauma amakamata pa pepala lolimba, ndipo m'mbali mwake amalembamo malo, tsiku, mtundu wa nthaka, dzina la wotola, dzina limene eni dera amaitanira comeraco, ndi nchito imene amacigwiritsa. Masiku ano ali ndi timakina tosonyeza malo eni eni, kotero kuti wina wobwera patapita zaka 20 angathe kukaima pomwepo ndi kuona ngati comeraco cikalipo kapena cidatha. Pepala lotere likasungidwa pouma, posafika tizirombo, limakhala zaka mazana.

Comera ciri conse cimalandiranso maina awiri a Cilatini, monga mwa njira imene Carl Linnaeus wa ku Sweden adakhazika m'caka ca 1753, kuti anthu a zinenero zosiyana asamasokonezane. Mlombwa pa Cilatini ndi Pterocarpus angolensis, ndipo wophunzira wa ku Lusaka, wa ku Tete kapena wa ku London akamva dzinali amadziwa kuti ukunenedwa ndi mtengo womwewo.

M'dziko muno nchitoyi idayamba kale. John Kirk, dotolo amene adayenda ndi David Livingstone pa mitsinje ya Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 kufikira 1863, adatola zomera zambiri nazitumiza ku munda wa Kew ku London. Ndico cifukwa cake msuku, mtengo wobala masuku, umadziwika pa Cilatini kuti Uapaca kirkiana. M'caka ca 1891 Alexander Whyte adayamba munda wa zomera ku Zomba, ndipo caka comweco adakwera phiri la Mulanje natolako nthambi za mkungudza wa kumeneko. Mu 1955 mudatuluka buku la mai Jessie Williamson lofotokoza zomera zothandiza anthu m'dziko muno, monga ndiwo, zipatso, mankhwala ndi luzi, pamodzi ndi maina ake m'zinenero za kuno. Lidasindikizidwanso lokuzidwa mu 1975. Mu 1960 mudatuluka gawo loyamba la Flora Zambesiaca, mabuku ofotokoza zomera za maiko a m'cigwa ca Zambezi, Malawi ali momwemo. Ndipo mu 1987 nyumba ya malamulo idakhazika bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene limasunga mapepala a zomera zouma ku Zomba, ndi kusamala minda itatu ya zomera: ku Zomba, ku Mzuzu, ndi mu Lilongwe mommuno pafupi ndi Capital Hill. Kucokera m'nchito ya zaka zonsezi kwadziwika kuti m'Malawi muli mitundu ya zomera yopitirira 5,000.

Pano pali cinthu coyenera kucikumbukira. Azungu amene maina ao adalowa m'Cilatini sadaipeze okha mitengoyo. Adatsogozedwa ndi alenje, asing'anga ndi amai a m'midzi, amene adaidziwira kwa makolo ao, ndipo maina a anthu amenewo kawirikawiri sadalembedwe. Msuku udali msuku Kirk asanabadwe. Motero mbali yaikulu ya nzeru imene iri m'mabuku aja ndi ya eni dziko, ndipo munthu wa ku Chilinde sayenera kuiyesa nchito ya cilendo.

Nkhokwe ya amphawi

Yankho loyamba kwa wofunsa uja ndi lakuti chire ndilo nkhokwe ya amphawi. Wolemera akasowa ndiwo amapita ku sitolo. Wosauka amapita kukathyola denje, luni kapena bonongwe. Masuku, maula, mateme, matowo ndi nthudza zalera ana ambiri amene makolo ao sadagulepo lalanje. Pa njala ya 1949, ndiponso pa njala ya 2002, anthu ambiri adadalira mizu ndi zipatso za m'chire, ndipo ena adadwala kapena kufa kumene cifukwa codya zimene sadazidziwe bwino. Pa nthawi yotere wodziwa kusiyanitsa muzu wodyedwa ndi muzu wakupha ndiye adaona masika.

Nkhokwe yoyandikana ndi anthu a mu Lilongwe ndiyo nkhalango ya Dzalanyama, ku malire a Mozambique, imene boma lidaipatula mu 1922. M'menemo muli mombo, tsamba, mcenga, muwanga ndi misuku. Bowa wa mitundu yambiri amamera pokhapo pamene pali mizu ya mitengo yotere, ndipo masamba ake amadyetsa matondo ndi tizirombo tina todyedwa. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango yomweyo, nudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumacokera madzi a m'mipope ya ku Chilinde, ku Kawale ndi ku Biwi. Koma makala ambiri ophikira m'makomboni omwewa akhala akucokera konkonso. Mu 1966 anthu a m'tauni ya Lilongwe sadakwane 20,000. Pa kalembera wa 2018 adapezeka pafupi 990,000, ndipo mabanja ambiri mwa iwo amaphikira pa mbaula. Kudula mitengo kudafika poti mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalonda nkhalangoyo. Tsono mwini nkhokwe amene amatapamo tsiku ndi tsiku, osasuzumiramo kuona kuti mwatsala zingati, amadzidzimuka tsiku limene dzanja lakhudza pansi. Owerenga zomera aja ndiwo osuzumira m'nkhokwe.

Nanga zomera zopanda nchito?

Koma yankho limeneli silikwanira. Wofunsa angathe kunena kuti: Cabwino, awerenge misuku ndi milombwa, nanga kaduwa kosadyedwa, kosaciza nthenda, komera pa thanthwe limodzi pamwamba pa phiri, kali ndi phindu lanji? Mu 2000 akatswiri a maiko angapo a kumwera kwa Afrika adakhala masabata angapo pa phiri la Nyika, ndipo buku limene lidatuluka mu 2005 lidalemba mitundu ya zomera za kumeneko yopitirira 1,800, mwa iyo yopitirira 200 ya banja la cinaka. Ina ya m'banja limeneli anthu amakumba mizu yake kukaphika cikanda, ndipo ikucepa cifukwa ca malonda. Koma yambiri palibe amene amaidya kapena kuigulitsa. Kodi kuilemba si kutaya nthawi?

Munthu angayankhe kuti cimene ciribe nchito lero cingadzapezeke nayo mawa, ndipo n'zoona, pakuti kwinini amene adaciza malungo a anthu osawerengeka adacokera m'khungwa la mtengo wa m'chire wa ku South America. Koma ciripo cifukwa cina cozama koposa. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti Mulungu adalenga zinthu zamitundumitundu cifukwa colengedwa cimodzi sicikadatha kuonetsa ubwino wake wonse, kotero kuti cimene ciperewera mwa cina cimaoneka mwa cinzake. Ngati ziri conco, mtundu uli wonse wa comera uli naco cake cimene umaonetsa, ngakhale pa msika wa ku Kawale palibe amene angaupereke tambala. Papa Francis adabwereza ciphunzitso comweci m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015, nacenjeza kuti zolengedwa zisayesedwe ndi phindu lao lokha kwa anthu. Nyumba ikagwa imamangidwanso, ndalama ikabedwa ingathe kubwezedwa. Koma mtundu wa comera ukatha, palibe mmisiri kapena mfumu imene ingaubweze. Madzi akatayika saoleka.

Buku la Genesis liphunzitsa kuti munthu adapatsidwa munda kuti augwiriremo nchito ndi kuusamala. Ndiye kuti munthu ndi kapitao cabe, mwini wake alipo. Ndipo nchito yoyamba ya kapitao ndiyo kudziwa zimene adamsungiza. Mbusa wolembedwa kuweta ng'ombe za mwini amaziwerenga m'mawa potsekula khola ndi madzulo potseka, ndipo amadziwa iri yonse ndi maanga ake. Mbusa amene sadziwa kuti adalandira zingati sangathe kudziwa kuti zasowa zingati, ndipo palibe mwini ng'ombe amene angamsunge mwezi wina. Akatekisiti amazidziwa bwino zimenezi, pakuti naonso amasunga buku la maina a ophunzira ao. Mwana amene dzina lake liri m'buku akajomba masabata awiri, mphunzitsi amapita kwao kukafunsa. Koma amene sadalembedwe amangozimirira, popanda womfunafuna.

Phunziro la mkungudza wa ku Mulanje

Komabe pasakhale wodzinyenga kuti kulemba m'buku ndiko kupulumutsa. Nkhani ya mkungudza wa ku Mulanje ikana zimenezo. Pa dziko lonse lapansi mtengo umenewu umamera wokha pa phiri la Mulanje basi. Matabwa ake ngonunkhira, ndipo ciswe siciwadya. Mu 1894 udalandira dzina lakuti Widdringtonia whytei, pokumbukira Whyte uja, ndipo mu 1984 udalengezedwa kuti ndiwo mtengo wa fuko la Malawi. Udatetezedwa ndi lamulo, udaikidwa pa mndandanda wa mitengo imene iri pafupi kutha, ndipo udawerengedwa kangapo. Ngakhale zinali tero, oceka matabwa ndi moto wolusa adapitirira kuudya. Pamene ofufuza adayendera phirilo mu 2017, adapeza mitengo yaikulu yamoyo 7 yokha, ndipo caka cotsatira ngakhale imeneyo idali itapita.

Wina anganene kuti izi zitsimikiza kuti kuwerengako n'kwacabe, ndipo n'zoona kuti pepala silinaimitsepo nkhwangwa. Koma cifukwa cakuti ciwerengero cidadziwika, mabungwe a Mulanje Mountain Conservation Trust, Forestry Research Institute of Malawi ndi Botanic Gardens Conservation International adafulumira kugwirizana ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa phiri kufesa mbeu m'manazale. Mikungudza imene idabzalidwa kale pa phiri la Zomba idapereka mbeu, ndipo mbande zikwi mazana angapo zabzalidwa pa Mulanje. Zidzatenga zaka zambiri kuti zikule, ndipo obzalawo ambiri sadzaona mthunzi wake. Koma kukadapanda woyenda pa phiri ndi kope m'manja, anthu a m'cigwa akadayesabe kuti kumwambako mikungudza ikalipo yambiri.

Ciripo cinanso cimene kuwerengako kumacita, ndipo ndico mutu weniweni wa nkhaniyi. Aphunzitsi a za makhalidwe amasiyanitsa umbuli wa mitundu iwiri. Ulipo umbuli umene munthu sakadatha kuupewa, monga wa mwana amene apatsa mnzake cipatso cakupha aciyesa nthudza. Umbuli wotere ucotsa mlandu. Ulipo wina umene munthu amausankha yekha, pokana kufunsa kuopa kuti angamve zomletsa cimene mtima wake ufuna. Umenewu sucotsa mlandu ai, ndipo nthawi zina umaukuza. Makolo akale podula mtengo ankaona nkhalango yosaoneka mathero, ndipo sakadaganiza kuti ingathe. Mbadwo uno sungathe kuwiringula motero, popeza ciwerengero ciripo, colembedwa pamodzi ndi caka cake. Wowerenga zomera ali ngati mboni pa bwalo la milandu. Mboni simanga munthu, ndipo sibweza cobedwa; koma ikalankhula, palibenso amene anganene kuti sadadziwe.

Mlandu uli pa yani?

Apa m'pofunika cilungamo, kuti mlandu usagwere wocepa mphamvu. Mai wa ku Chilinde wogula kajumbo ka makala kuti ana adye nsima sacimwa pakuphika. Magetsi ndi gasi sangazithe, ndipo ana sangadye ufa wauwisi. Bambo wokankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kucokera ku Dzalanyama kawirikawiri ndi mmphawi mnzake, amene munda wake sumkwanira caka. Mlandu umakula monga mwa kudziwa ndi mphamvu za munthu. Ngwaukulu kwa mwini malole amene amalemera ndi makala a m'nkhalango yoletsedwa, ndi kwa mlonda amene amalandira ciphuphu nayang'ana kumbali. Ngwaukulu kwa wopeza bwino amene ali ndi magetsi m'nyumba koma amagula matumba ambiri cifukwa cakuti ngotsika mtengo. Ndipo ngwaukulu koposa kwa atsogoleri amene amalandira zolemba za ofufuza nazitsekera m'kabati, pakuti iwo ndiwo adamva mboni ndi makutu ao.

Komabe ngakhale mmphawi ali nako kagawo kake. Angathe kuphikira pa mbaula yomatidwa dothi m'kati, imene simwaza moto. Angathe kubviika nyemba usiku kuti zisadye makala ambiri, ndi kuzima makala otsala m'malo mowasiya anyeke okha. Wofuna mankhwala angathe kusenda khungwa mbali imodzi ya mtengo monga ankacitira akale, osauzunguliza wonse mpaka uume. Zimenezi n'zazing'ono, koma mabanja a mu Lilongwe ngambiri.

Maina amayamba kutha mitengo isanathe

Munthu woyenda pa mseu wa ku Mchinji kapena wa ku Dedza amaona minda yokhayokha, ndipo apa ndi apo kamsitu kobiriwira. Kawirikawiri kamsitu kotere ndi manda. M'menemo mwatsala mitengo ya makolo imene m'minda yozungulira idatha kale, cifukwa Acewa sadula mtengo wa kumanda popanda mau a mfumu. Palibe msilikali wolonda pamenepo. Ulemu wokha ndiwo mpanda. Izi zionetsa kuti anthu amatha kusunga cimene amacilemekeza, ngakhale nkhuni zikusowa. Koma n'kobvuta kuti munthu alemekeze cimene sadziwa ndi dzina lake lomwe.

Ndipo m'makomboni maina akutha msanga. Mwana wobadwira ku Chilinde amadziwa mango, bulugama, malaina ndi keshya, mitengo imene idacokera ku maiko ena. Koma akaona muwanga, mpoza kapena muula amangoti ndi mtengo. Agogo ake amene adacoka ku Mitundu kapena ku Nkhoma kudzakhala ndi ana m'tauni amadziwa maina ambirimbiri, nyengo imene cipatso ciri conse cimapsa, ndi muzu woyenera kuuphika kawiri usanadyedwe. Akamwalira amapita nazo zonsezo kumanda, ndipo ofufuza a ku Zomba ngocepa, sangathe kufika pa khomo liri lonse.

Apa ndi pamene Akristu a m'miphakati angathandize popanda kudikira ndalama ya boma. Katekisiti kapena mlembi wa mphakati angathe kutenga kope limodzi, kukhala pansi ndi okalamba, ndi kulemba dzina la comera ciri conse cimene akumbukira, kumene cinkamera, nchito yake, ndiponso ngati cikupezekabe kwao. Ndipo asaiwale kulemba dzina la agogo amene anenawo, kuti cimene cidacitikira atsogoleri a Kirk cisacitikenso. Aphunzitsi angathe kupita ndi ana ku munda wa zomera uja wa pafupi ndi Capital Hill, kuti akaone ndi maso mitengo imene amangoimva m'nthano. Pa bwalo la chalichi ndi la sukulu, pamene pafunika mthunzi, pangathe kubzalidwa mbawa, mlombwa ndi msuku, m'malo mwa mitengo ya cilendo yokhayokha. Safunsa adadya phula, ndipo ofunsidwa akali moyo lero.

Tsono wofunsa uja ayankhidwe motere. Kudyetsa wanjala kuli patsogolo, ndipo dziko limene lingasiye ana ake akufa kuti lisamale maluwa likadacimwa. Koma ndalama yowerengera zomera siilanda mwana nsima, pakuti madzi a pa mpope, bowa wa m'dzinja ndi mizu ya pa nthawi ya cilala zonse zicokera m'nkhokwe imene ikuwerengedwayo, ndipo adzukulu a wofunsayo adzafuna kutapamo naonso. Kulemba kokha sikudapulumutse mikungudza 7 ija. Kudangopereka umboni, ndipo wamva umboni ali ndi udindo umene adalibe dzulo. Tsiku lidzafika lakuti kapitao ali yense afotokoze za ukapitao wake, ndipo mbadwo umene udali ndi mabuku, ziwerengero ndi okalamba oti uwafunse sudzatha kuyankha kuti sudadziwe.